MAU KWA OFUNA KULEMBERA NYUZIPEPALA

M'midzi mwathu muno muli anthu ambiri odziwa kulemba bwino: aphunzitsi, alembi a mafumu, akulu a mpingo, alangizi opuma pa ntchito, ndi anyamata ndi atsikana amene anatsiriza sukulu koma ntchito sanaipeze. Ambiri a iwo akawerenga nyuzipepala amanena mumtima kuti, "Nkhani yotere inenso ndikhoza kulemba, ndipo kwathu kuno kuli zoposa izi." Zimenezo n'zoona. Koma kawirikawiri munthu wotere amagula kope, nalemba masamba khumi usiku ndi nyali, natumiza ku Blantyre, nadikira mwezi ndi mwezi osamva kanthu. Pomaliza amataya mtima, nati akonzi ndi anthu okondera. Kapena okondera alipo, pakuti akonzi naonso ndi anthu, koma nthawi zambiri cholakwa sichikhala pamenepo ayi. Cholakwa n'chakuti munthuyo anagwira ntchito yonse asanafunse ngati alipo woifuna.

Munthu amene sanalembedwe ntchito ndi nyuzipepala, koma amalandira malipiro pa nkhani ili yonse imene yasindikizidwa, amatchedwa mtolankhani woima payekha. Tinganene kuti ntchito yake ndi ya ganyu. Tsono wa ganyu wanzeru salowa ndi khasu m'munda wa mwini asanapangane naye za ndime ndi mtengo wake. Momwemonso wolemba wanzeru sayamba nkhani yaitali asanamve kwa mkonzi. Amayamba ndi kalata yaifupi yomuuza mkonziyo ganizo lake, ndipo kalata imeneyi ndiyo tifuna kufotokoza pano.

CHIMENE INU MULI NACHO

Nyuzipepala zazikulu za dziko lino zimakonzedwa mumzinda. The Daily Times, imene inayamba kalekale m'chaka cha 1895 ndi dzina la Central African Planter, pamodzi ndi inzake Malawi News ya 1959, likulu lao lili ku Ginnery Corner mu Blantyre. The Nation, imene malemu Aleke Banda anaiyambitsa m'chaka cha 1993, ilinso komweko. Atolankhani ao olembedwa ntchito ambiri amakhala ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Koma dziko lili ndi maboma 28, ndipo kutuma munthu pa galimoto kuti akafike ku Makanjira, ku Nthalire kapena ku Marka kumadya mafuta ndi masiku. Motero zambiri zochitika kumidzi sizifika m'makutu a mkonzi, kapena zimafika mochedwa, zitasanduka kale mbiri.

Apa ndi pamene pali mwai wanu. Za ku Nyumba ya Malamulo simungazidziwe kuposa mtolankhani wa ku Lilongwe, ndipo musadzivute kupikisana naye pa zimenezo. Koma iye sadziwa chifukwa chake mjigo wa m'mudzi mwanu unafa ndi amene anatenga ndalama zoukonzera. Sadziwa kuti alimi a kudimba kwanu apeza njira yao yothana ndi ntchemberezandonda. Ndipo atabwera lero, anthu amuona mlendo, namuyankha mwaulemu osamuuza kanthu. Inu a nyakwawa amakupatsani mpando pakhonde pao, ndipo amai a pachitsime amalankhula inu mukumva.

Izi sizachilendo. Samuel Josia Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene analemba buku lake la Nthondo, lonena za moyo wa munthu wa kumudzi. Bukulo linapambana pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Afirika m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi, atalimasulira Cullen Young. Chimene anthu akutali anachikonda mwa iye chinali chomwecho chimene anzake a pamudzi akadachiyesa wamba.

MUTU SI NKHANI AYI

Ambiri amaphunthwa pano. Munthu alemba kwa mkonzi kuti, "Ndifuna kukulemberani za Nyanja ya Chilwa," nayesa kuti wapereka ganizo. Sanapereke kanthu. Ali ngati wa ganyu amene anena kuti adzalima "kumunda" osaloza ndime.

Taonani. Nyanja ya Chilwa ili pakati pa maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatana imaphwa, monga inachita mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Nsomba zake zodziwika ndi matemba, makumba ndi mlamba. Zonsezi n'zoona, koma mkonzi akhoza kuzipeza m'mabuku kapena pa intaneti osanyamuka pampando, ndipo sangalipire munthu chifukwa cha izo. Umenewu ndi mutu chabe.

Nkhani ndi kanthu kamodzi kochitikira anthu odziwika, pamalo podziwika, m'nyengo ino. Pa nyanja yomweyo pali asodzi amene amakhala milungu yambiri m'tinyumba toyandama totchedwa zimbowera, kutali ndi gombe. Kodi madzi akumwa amawatenga kuti? Wina akadwala usiku amafika bwanji kuchipatala? M'chaka cha 2016 a zaumoyo anawalondola asodzi amenewa ndi katemera wa kolera. Nanga kuchokera pamenepo moyo wao wasintha kapena uli chikhalire? Imeneyo ndi nkhani. Inanso nayi: amai owamba nsomba pa doko la Kachulu amadyetsa chiyani ana ao m'miyezi imene nyanja yatsekedwa kuti nsomba ziswane? Inanso: mwana wa pa chilumba cha Chisi akasankhidwa kupita kusekondale kumtunda, amayenda bwanji, ndipo amagona kuti? Mutu ndi umodzi, koma m'kati mwake mwatuluka nkhani zitatu, ndipo munthu wa komweko akhoza kupeza zina khumi.

Njira yoyesera ganizo lanu ndi yapafupi. Muuzeni mnzanu wa mudzi wina m'mau ochepa, opanda kupuma kawiri. Akati, "Inde, n'zimenezo," dziwani kuti muli ndi mutu wokha. Koma akatukula mutu nati, "Ha! Ndiye zinatha bwanji?" pamenepo muli ndi nkhani.

Chenjezo limodzi tisanapitirire. Mkangano wanu ndi a mfumu, kapena ndi mphunzitsi wamkulu, kapena ndi mlamu wanu pa za malire a munda, si ganizo la nkhani. Mkonzi amanunkhiza msanga kalata ya munthu wofuna kubwezera, ndipo nyuzipepala si bwalo la milandu. Ngati muli ndi dandaulo lokhudza anthu onse, lilipo tsamba la makalata a owerenga, koma kumeneko salipira.

YAMBANI MWAIWERENGA

N'chodabwitsa kuti anthu ena amalembera nyuzipepala imene sanaiwerenge chaka chathunthu. Tidziwa kuti mtengo wake ndi wovuta kwa munthu wa kumudzi, koma nyuzi zakale zimapezeka: ku laibulale ya pa boma, ku malo osonkhanira aphunzitsi a m'dera, kwa abambo mfumu kapena abusa, ngakhale kwa wa golosale amene amakulungira sopo. Pezani zinai kapena zisanu za mtundu umodzi, ndipo muziwerenge monga mlimi ayang'ana munda wa mnzake, osati monga munthu wopita m'njira.

Onani masamba amene amabwera mlungu ndi mlungu: la ulimi, la umoyo, la maphunziro, la amai, la achinyamata, la zachikhalidwe. Tsamba lili lonse lili ndi mwini wake amene ayenera kulidzaza, afune asafune, ndipo munthu ameneyo ndiye wanu. Onani maina a olemba. Pamene pansi pa dzina palembedwa mau a Chingerezi akuti Correspondent kapena Contributor, ndiko kuti tsambalo limalandira nkhani za anthu akunja. Werengani mau a mu mzere umodzi, muchulukitse ndi mizere yonse, kuti mudziwe utali umene iwo amafuna. Kulonjeza mau 2,000 pa tsamba limene limatenga 600 ndiko kudziulula kuti simunaliwerenge. Onaninso ngati nkhani yanuyo sinatuluke kale mwezi watha.

Amene Chingerezi chimawavuta asachite manyazi. Weekend Nation inaika m'kati mwake masamba a Chichewa otchedwa Tamvani, ndipo Malawi News inaika Tikambe. Ku Balaka a Montfort Media anayambitsa magazini ya The Lamp ndi nyuzi ya Chichewa ya Mkwaso. Masamba amasintha, ena amabadwa ena amafa, chifukwa chake yang'anani nyuzi ya mwezi uno kuti muone amene alimo lero. Chichewa chomveka chiposa Chingerezi chotsimphina, ndipo mkonzi wa tsamba la Chichewa amasowa olemba abwino kuposa mnzake. Ziliponso nyuzi za pa intaneti ndi mawailesi a m'madera, ndipo pa boma lili lonse pali ofesi ya zofalitsa nkhani imene imatumiza nkhani ku Malawi News Agency. Kucheza ndi mkulu wa ofesiyo kungakuphunzitseni zambiri za mmene akonzi amaganizira.

Dzina ndi keyala ya mkonzi zimalembedwa m'kabokosi m'nyuzipepala momwemo. Ngati simupeza dzina la woyang'anira tsamba limene mufuna, imbani foni ku ofesi yao mufunse. Kalata yopita kwa munthu wodziwika imawerengedwa. Yopita kwa "onse okhudzidwa" imakhala yopanda mwini.

KALATA YAKE

Masiku ano akonzi ambiri amalandira makalata pa imelo, ndipo ena amalola WhatsApp mukayamba kudziwana. Ngati mulibe kompyuta, foni ikwana. Ya papositi ifikabe, koma imachedwa. Njira ili yonse imene mwasankha, kalatayo isapitirire tsamba limodzi.

Mwambo wathu ndi wakuti polemba kalata timayamba ndi moni wautali, kufunsa za moyo wa ana ndi wa kunyumba konse, ndi kunena kuti ife kuno tili bwino kaya inu kumeneko. Mwambowo ndi wabwino, ndipo polembera amalume anu musausiye. Koma mkonzi amatsegula makalata ambiri m'mawa umodzi, makina osindikizira akumdikira, ndipo ulemu umene iye amauyamikira ndi wakuti musamtayire nthawi. Moni wa mzere umodzi ukwana. Pamwamba, pa malo a mutu wa imelo, lembani chimene mwadzera, monga "Ganizo la nkhani: asodzi a m'zimbowera ndi kolera."

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wa kufupi ndi Kachulu afuna kulemba nkhani ija. Kalata yake ingakhale yotere:

"Kwa Akonzi a tsamba la Chichewa,

"Zikomo. Ndikupempha mwai woti ndikulembereni nkhani ya asodzi a pa Nyanja ya Chilwa amene amagona m'zimbowera. Ambiri amamwa madzi a m'nyanja momwemo, ndipo wina akatsegula m'mimba usiku, anzake amapalasa bwato mtunda wautali kuti akafike naye kumtunda. Popeza mvula yayandikira, ndiyo nyengo imene kolera imabuka, ndiganiza kuti owerenga anu angafune kudziwa mmene anthuwa akonzekera.

"Ndalankhula kale ndi asodzi atatu ndi wapampando wa komiti ya pa doko, ndipo avomera kuti maina ao atchulidwe. Ndidzafunsanso mlangizi wa zaumoyo ndi a ofesi ya zausodzi ku Zomba kuti anene mbali yao. Nkhaniyi idzakhala ya mau 700, ndi zithunzi zitatu zojambula ndekha, ndipo ndikhoza kuitumiza pasanathe masiku khumi mutandiyankha.

"Ine ndine mphunzitsi wa pulaimale pafupi ndi doko, ndipo ena a asodziwa ndi makolo a ana a m'kalasi mwanga. Nambala yanga ya foni ili pansipa.

"Ine wanu,"

Yang'anitsitsani kalata imeneyi. Ndime yoyamba yanena nkhaniyo, ndi chifukwa chake iyenera kutuluka tsopano osati mwezi wa Juni. Yalembedwanso mokoma pang'ono, pakuti mkonzi powerenga kalata yanu akuyesa kale kalembedwe kanu, monga wogula fodya ku Kanengo asolola masamba angapo m'belo kuti adziwe zonse zili m'katimo. Ndime yachiwiri ndiyo imene olemba atsopano amaiwala, chonsecho ndiyo yamphamvu koposa. Mau akuti "ndalankhula kale" amuuza mkonzi kuti munthuyu wayenda, kuti anthu ake alipodi, ndi kuti sadzabweranso mlungu wamawa kunena kuti asodzi akana. Mau akuti "anene mbali yao" amchotsa mantha, chifukwa nkhani ya mbali imodzi ndiyo imatengera nyuzipepala ku khoti. Ndime yachitatu yayankha funso limene mkonzi ali yense ali nalo mumtima: bwanji ndipatse ntchitoyi munthu uyu, osatuma mtolankhani wanga?

Onaninso zimene mulibe. Mphunzitsiyo sananene kuti ndi wosauka, ali ndi ana asanu ndi mmodzi ndipo afuna thandizo. Sanatchule masatifiketi ake onse kuyambira Sitandade 8. Sanatamande nyuzipepalayo kuti ndi yoposa zonse pansi pano. Ndipo sanapepese kuti sanalembepo chiyambire. Ngati mkonzi afunsa, nenani zoona. Koma musayambe ndinu kudzichepsa, pakuti iye akugula nkhani, sakugula zaka zanu. Ngati ilipo nkhani yanu imene inatulukapo kwina, ngakhale m'kanyuzi ka mpingo, itchuleni m'mzere umodzi. Ngati palibe, mukhoza kuonjezera pansi pa kalatayo ndime ziwiri zoyambirira za nkhani yanu kuti aone dzanja lanu.

Tumizani ganizo limodzi, kapena awiri. Mndandanda wa maganizo khumi uonetsa kuti palibe limodzi limene mwaligwirira ntchito. Musanatumize, werengani kalatayo mokweza, ndipo dzina la mkonzi mulilembe molondola; munthu amene walakwitsa dzina la womlembera, ndani adzamkhulupirira pa maina a asodzi?

Pali nkhani zina zimene sizifuna kalata yotere. Mlatho ukakokoloka lero, kapena njovu zikalowa m'mudzi, palibe nthawi yopangana: imbani foni ku ofesi ya nyuzipepala pompo, munene chimene mwaona ndi maso anu. Ndakatulo ndi nthano zopeka nazonso zimatumizidwa zathunthu, popeza ubwino wake sungaoneke m'lonjezo.

Aphunzitsi ndi ena onse ogwira ntchito ya boma akumbukire kuti pali malamulo a ntchito okhudza kuulutsa za ofesi yao. Musanalembe za sukulu yanu yomwe kapena chipatala chanu chomwe, funsani akulu anu. Kunena zoona, nkhani za kunja kwa mpanda wanu n'zambiri, ndipo ndi bwino kuyambira kumeneko.

NYENGO

Mlimi amene afuna mbeu mvula itagwa kale wachedwa, ndipo wolemba naye ali chimodzimodzi. Magazini ya pamwezi imakonzedwa milungu yambiri isanatuluke, ndipo ngakhale masamba a kumapeto kwa mlungu amadzazidwa masiku angapo Loweruka lisanafike. Nkhani ya kubzala iperekedwe mu Sepitembala kapena Okutobala. Ya msika wa fodya ifike kwa mkonzi mu Febuluwale kapena Malichi, misika isanatsegulidwe. Ya anankafumbwe ndi kasungidwe ka chimanga ipite chimanga chikadali m'munda. Tengani kalendala, mulembepo zochitika za kwanu za chaka chonse, chinamwali, kutseka ndi kutsegula kwa nyanja, mayeso, Kulamba kapena Mulhako ngati anthu a kwanu amapitako, ndipo pa chili chonse mubwerere m'mbuyo mwezi umodzi kapena iwiri. Limenelo ndilo tsiku lotumiza kalata.

MUKATUMIZA

Dikirani. Kwa nyuzipepala mlungu umodzi, kwa magazini milungu iwiri kapena itatu. Kuimba foni tsiku ndi tsiku, kapena kuflasha mkonzi usiku kuti akuimbireni, kumatseka khomo limene likadatseguka. Nthawiyo ikatha osamva kanthu, lembani mizere iwiri yokumbutsa mwaulemu. Mukapanda kumvabe, ganizolo ndi lanu, pitani nalo kwina, koma mulikonze kuti liyenerane ndi tsamba la kumeneko.

Musapereke ganizo limodzi kwa akonzi awiri nthawi imodzi osawauza. Nyuzipepala zimapikisana, ndipo nkhani imodzi ikatuluka mwa onse awiri tsiku limodzi ndi dzina lanu, mwataya onse awiri.

Kukanidwa kudzabwera, ndipo kawirikawiri kudzabwera mwa kukhala chete. Sikunena kuti simudziwa kulemba. Mwina tsambalo ladzaza, mwina nkhani yofanana ili kale m'manja mwa wina, mwina ndalama za mwezi umenewo zatha. Koma mkonzi akayankha kuti, "Iyi ayi, koma tumizani ina," musaiyese nkhambakamwa. Munthu wotanganidwa salemba mau otere kwa ali yense. Mtumizireni ina mwezi womwewo, asanaiwale dzina lanu.

Ena amaopa kuti akaulula ganizo lao, mkonzi adzalipereka kwa mtolankhani wake. Manthawo si opanda pake. Lamulo la umwini wa zolemba la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza mau amene mwalemba, koma siliteteza ganizo lokha. Palibe munthu angati nkhani ya zimbowera ndi yake yekha. Chitetezo chanu chenicheni ndi chija tanena kale, kuti nkhaniyo ikhale yofuna inuyo. Chifukwa chake m'kalata yoyamba nenani kuti muli ndi asodzi atatu, koma manambala ao a foni akhale m'thumba mwanu.

ZA MALIPIRO

Pano manyazi amapweteka anthu ambiri. Munthu akondwa kuti mkonzi wavomera, naopa kufunsa za ndalama kuti angaoneke wadyera, nagwira ntchito, nalipira yekha bwato ndi kabaza, pomaliza auzidwa kuti tsambalo sililipira. Akulu anati safunsa anadya phula. M'kalata yoyamba musatchule mtengo, koma tsiku limene mkonzi wati inde, funsani bwinobwino: malipiro ndi angati, kodi amawerengera nkhani yonse kapena kuchuluka kwa mau, zithunzi amalipira padera kapena ayi, ndalama zimatuluka liti, ndipo zidzabwera pa Airtel Money, pa TNM Mpamba kapena ku banki. Funsaninso za ndalama ya ulendo musanakwere galimoto. Ngati mwapangana pa foni, lembani uthenga waufupi wobwereza zimene mwagwirizana, kuti pakhale cholembedwa.

Nyuzi zina, makamaka zazing'ono ndi za mipingo, sizilipira konse. Kulembera zotere poyamba si kupusa, popeza dzina lanu likayamba kuoneka mumakhala ndi choonetsa kwa akonzi ena; chofunika n'chakuti mudziwe zimenezo musanayambe, osati mutatsiriza. Ndipo tisakunamizeni: ndi anthu owerengeka amene amadya ndi ntchito imeneyi yokha. Musagulitse mbuzi kapena kusiya munda chifukwa nkhani imodzi yatuluka.

Ndalama ziwiri muzikane. Yoyamba ndi imene wina akupemphani kuti mulipire kuti nkhani yanu isindikizidwe. Nyuzipepala yoona imalipiritsa otsatsa malonda, osati olemba. Yachiwiri ndi imene munthu amene mukumlemba afuna kukupatsani "ya fanta" kuti mumkometse. Mukailandira mwasanduka wantchito wake, ndipo zotere sizibisika pamudzi.

MKONZI AKATI INDE

Tsopano ndime mwapatsidwa, ilimeni monga munapangana. Mau 700 akhale 700, ndipo tsiku likhale lomwelo, pakuti mkonzi wasiya malo opanda kanthu pa tsamba lake akudalira inu. Ngati bwato lavuta kapena mwagwa maliro, muuzeni msanga, tsikulo lisanafike. Ngati pofufuza mwapeza kuti nkhaniyo siili monga munaganizira, muuzeninso; mwina yoonayo ndiyo yokoma koposa.

Dzina la munthu ali yense mumfunse iye mwini kalembedwe kake, ndipo mulembe mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Uzani anthu poyera kuti mau ao adzatuluka m'nyuzipepala, ndipo musajambule munthu osampempha. Mwana amene wachitiridwa nkhanza kapena ali pa mlandu, dzina lake ndi nkhope yake sizisindikizidwa. Chiwerengero chili chonse chikhale ndi mwini wake amene anakuuzani. Ngati ofesi ya boma ikuzengereza kukupatsani chiwerengero, dziwani kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo limakhudza mzika ili yonse, osati atolankhani a mumzinda okha. Lembani pempho lanu pa pepala ndi kusunga kope lake. Zotengedwa pa WhatsApp kapena pa Facebook musazisandutse zanu, ndipo musapereke zimene makina a kompyuta akulemberani ngati kuti munayenda ndi kuziona. Akonzi amazizindikira, ndipo amauzana.

Nkhani ikatuluka mudzapeza kuti mutu wasinthidwa, ndipo ndime imene munaikonda koposa yadulidwa. Imeneyo ndiyo ntchito ya mkonzi, musakwiye. Koma ngati podula alakwitsa dzina kapena asintha tanthauzo la mau a munthu, muuzeni mwaulemu kuti akonze, chifukwa amene adzakumana ndi munthuyo kumsika ndinu. Ikani zimene munalemba pambali pa zimene zasindikizidwa, muone mzere ndi mzere chimene anachotsa ndi chimene anasiya.

Pomaliza dulani nkhaniyo ndi lumo, muimate m'kope, mulembe pansi pake dzina la nyuzipepala, tsiku, ndalama zimene munapangana ndi tsiku limene zafika. Ijambuleninso pa foni, kuti mudzaiphatikize pa kalata yopita kwa mkonzi wina. Kope limodzi la nyuziyo mupite nalo ku doko, mukawawerengere asodzi aja, pakuti mwa iwo alipo amene sadziwa kuwerenga, ndipo nkhani ya amai owamba nsomba mukaifunsira komweko.